Makomiki a pa foni: komwe ndimawerenga, komwe ndinasiya, ndi komwe ndimabwererako

Chaka chatha amayi anagonekedwa m'chipatala milungu itatu, ndipo gadiyani wawo ndinali ine. Amene anakhalapo gadiyani akudziwa kutalika kwa usiku wa mu wodi. Umayala chitenje pansi m'mbali mwa bedi koma tulo osabwera. Uku wina akubuula, uko anamwino akudutsa ndi thireyi ya mankhwala, diripi ikudontha pang'onopang'ono ndipo diso lako liyenera kukhala pomwepo kuti ikamatha ukaitane. Buku ndinapita nalo koma linangokhala m'chikwama. Mutu unali wotopa moti ndime imodzi ndinkaiwerenga katatu osatolapo kanthu. Chomwe chinandiperekeza masiku onsewo ndi makomiki, nkhani zosimbidwa ndi zithunzi ndi mawu ochepa, pa kafoni kanga komwe ndinkatchaja masana pa soketi yolimbirana magadiyani a wodi yonse.

Usiku wina ndinangozindikira ndaseka mokweza. Amayi anatembenuka.

"Iwe, chikukuseketsa n'chiyani usiku ngati uno?"

"Ndi tizithunzi, amayi. Gonani."

"Tandionetsa."

Ndinawayandikizira foni. Panali kamtsikana ka chipewa chosongoka, pambali pake mphaka wofiirira atatong'ola maso. Amayi Chingerezi sachidziwa, koma anayang'anitsitsa kanthawi n'kunena kuti, "Mphakayu ndi wakuba, akuonekera m'maso." Tsiku limenelo n'loyamba kuwaona akumwetulira chigonekedwereni.

Chibwerereni kuchipatalako anzanga akhala akundifunsa komwe ndimazipeza nkhanizi. Yankho silikhala limodzi, chifukwa malo owerengerako ndi angapo ndipo amasiyana pa zinthu zomwe ife kuno zimatikhudza kwambiri: bandulo yomwe amadya, ndalama zomwe amayamba kukupempha ukakoledwa, kuvuta kwa Chingerezi chake, ndi ngati ungawerenge mwana atakhala pambali pako.

Ambiri amayambira pa WEBTOON, ndipo nanenso ndinayambira pomwepo. Ndi ya kampani ya Naver ya ku South Korea. Kwawoko inayamba mu 2004, ndipo ya Chingerezi inatsegulidwa mu 2014. Mphamvu yake ili pa kayalidwe ka nkhani. Palibe masamba ngati a buku. Zithunzi zimatsika kuchokera pamwamba kupita pansi ngati nsalu yaitali yomwe akuifunyulula pa msika, iwe n'kumangokankha ndi chala chachikulu. Mu minibasi yochokera ku Area 25 kupita m'tauni, mutapanikizana anayianayi, dzanja limodzi litafumbata chikwama, palibe njira ina yomwe ingapose imeneyi. Ojambula aluso amagwiritsa ntchito kutsikako. Munthu akagwa kuchokera pamwamba, umakankha, kukankha, kukankha, poyera pokhapokha, mtima uli m'mwamba, kenako n'kumupeza pansi. Papepala zimenezi sizingatheke.

Nkhani ziwiri zomwe ndingatchule kumeneko ndi Tower of God ndi Lore Olympus. Tower of God, ya wojambula wa ku Korea yemwe amadzitcha SIU, inayamba mu 2010. Mnyamata wotchedwa Bam, yemwe anakulira mumdima osadziwa munthu wina kupatula mtsikana mmodzi, Rachel, akulowa mu nsanja yaikulu kumutsatira, ndipo kuti akwere gawo lililonse la nsanjayo ayenera kupambana mayeso. Zojambula za kumayambiriro ndi zosakongola, musakhumudwe nazo, dzanja la wojambulayo limakhwima mukuona. Chimene chinandigwira ine si nkhondo zake ayi, koma funso lomwe limakusautsa nkhani ikamapita: kodi munthu yemwe ukumuferayu amakufuna? Lore Olympus, ya Rachel Smythe wa ku New Zealand, inayamba mu 2018 n'kutha mu 2024, ndipo inalandira mphoto ya makomiki ya Eisner mu 2022. Ndi nthano ya Agiriki ya Hades ndi Persephone yoikidwa m'dziko la masiku ano, ya mitundu yowala ya pinki ndi buluu. Ndi ya akuluakulu. Muli nkhani ya kugwiriridwa ndi momwe munthu amavutikira kuulula, ndipo anailemba mosamala, koma si yosiyira mwana wa Fomu 1.

Zovuta za WEBTOON zilipo zitatu. Choyamba, imadya bandulo. Zithunzi zonse ndi zamitundu, ndipo gawo limodzi ndi lalitali. Bandulo yomwe ndinkayembekeza kuti indifikitsa mawa inatha madzulo amodzi. Pulogalamu yake imalola kutsitsiratu magawo a nkhani zina kuti uwerenge popanda intaneti, choncho amene ali ndi Wi-Fi kuntchito kapena kusukulu atsitsiretu. Chachiwiri ndi makoini, ndalama za mu pulogalamuyo zomwe umachita kugula. Gawo lililonse limathera pokoma, ndipo pansi pake akukuonetsa kuti magawo otsatira alipo kale, ungolipira. Mpaka mu 2025, nkhani zambiri zomwe zinatha ankazitsekera kuti uzitsegula gawo limodzi patsiku. Kulipirako kumafuna khadi la kubanki lotha kugula zakunja, chinthu chomwe ambiri a ife tilibe. Ine ndinasankha kudikira. Gawo lomwe lero ndi lamakoini limadzatseguka laulere nthawi yake ikakwana, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachitatu ndi kufanana kwa nkhani: bwana wolemera wouma mtima ndi mtsikana wosauka, kapena mtsikana yemwe wamwalira n'kudzukira m'thupi la mwana wa mfumu. Ukawerenga zitatu wawerenga zonse. Zachilendo zimapezeka ku gawo lotchedwa Canvas, komwe aliyense angaike zojambula zake mwaulere, koma kumeneko uyenera kupeta mankhusu ambiri usanapeze mpunga.

MANGA Plus ndi ina, ndipo ndi yomwe yandikhalitsa. Ndi ya Shueisha, kampani ya ku Japan yomwe imasindikiza magazini ya Weekly Shonen Jump, ndipo inatsegulidwa mu January 2019. Chomwe anachita n'chakuti gawo latsopano likatuluka ku Japan, nthawi yomweyo limatuluka mu Chingerezi kwa ife tonse, mwaulere, movomerezeka. Ku Japan imakhala 12 koloko usiku wolowera Lolemba, kuno imakhala 5 koloko madzulo a Lamulungu. Tabwerako ku tchalitchi, mayunifolomu a ana tasita, mphika wa nyemba uli pamoto, ine n'kukhala pakhonde kutsegula foni. Nthawi imeneyi ndimaidikira sabata yonse.

Dongosolo lake n'lomveka. Pa nkhani zomwe zikupitirira, magawo atatu oyamba ndi atatu omalizira ndi aulere. Mu pulogalamu ya pa foni, nkhani zambiri zoterezi amakulolanso kuwerenga gawo lililonse lapakati kamodzi kokha osalipira, ndiye usatsegule gawo uli pa chipwirikiti, udikire pomwe netiweki ili bwino ndipo mtima uli m'malo. Imafuna intaneti nthawi yonse yowerenga. Koma poti zithunzi ndi zakuda ndi zoyera, kwa ine bandulo imachedwa kutha kusiyana ndi ku WEBTOON. Abale athu a ku Tete ndi ku Niassa adziwe kuti nkhani zina zilinso mu Chipwitikizi, ngakhale ndi cha ku Brazil.

Pali chimodzi chofunika kuzolowera. Manga, makomiki a ku Japan, amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, mabokosi ndi mawu omwe. Tsiku loyamba umaona ngati anthu akuyankha asanafunsidwe. Pakatha masiku awiri diso limadziwa lokha njira. China, masambawo anakonzedwa kuti asindikizidwe papepala, choncho pa foni yaing'ono mawu amachepa ndipo umakhalira kukulitsa ndi zala ziwiri.

Woyamba kumene ndimamuuza ayambe ndi Spy x Family ya Tatsuya Endo, yomwe inayamba mu 2019. Kazitape akufunika banja lachinamizo kuti agwire ntchito yake, ndiye watenga kamwana ku malo a ana amasiye n'kukwatira mkazi wofatsa wa mu ofesi. Iye sakudziwa kuti mkaziyo ndi wakupha wolipidwa, mkaziyo sakudziwa kuti mwamunayo ndi kazitape, koma kamwanako, Anya, kamamva maganizo a anthu ndipo kakudziwa zonse. Imaseketsa, koma pansi pa nthabwalazo pali anthu atatu osungulumwa omwe akuphunzira kudyera pamodzi. Ine ndinaleredwa zaka zingapo ndi amayi aakulu, m'nyumba momwe munali ana a mimba zinayi, ndipo ndikudziwa kuti banja limathanso kumangika pa mbale ya nsima popanda magazi.

One Piece ya Eiichiro Oda ndi nkhani ina. Inayamba mu 1997 ndipo yapitirira magawo 1,100. Luffy, mnyamata wa thupi lotamuka ngati mphira, akuyenda panyanja ndi anzake kufuna chuma chobisika. Imeneyo ndi ulendo wa miyezi, osati wa sabata, ndipo amene alibe nthawi asaiyambe mwamwambo chabe. Koma ndi yomwe imalipira kupirira. Munthu yemwe unamuona pa gawo la kumayambiriro amadzatulukiranso patapita zaka, ndipo umapeza kuti wolembayo sanamuiwale. Makolo adziwenso kuti pa MANGA Plus pomwepo pali nkhani zamagazi kwambiri, monga Chainsaw Man, ndipo zimakhala moyandikana ndi zoseketsazo.

Njira yachitatu ilibe pulogalamu yotsitsa, ilibe makoini. Ndi mawebusaiti a ojambula eni ake, komwe munthu mmodzi amaika ntchito yake yekha. Umangotsegula pa Chrome kapena Opera Mini. Yopepuka kuposa zonse ndi xkcd ya Randall Munroe wa ku America, yomwe inayamba mu 2005 ndipo imatuluka Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Anthu ake ndi timizere chabe, ngati tomwe tinkajambula kuseri kwa kope, ndiye imatseguka ngakhale netiweki ili ya kadontho kamodzi. Koma nthabwala zake ndi za sayansi, masamu ndi makompyuta, ndipo zimafuna Chingerezi chakupsa. Mchimwene wanga wophunzitsa fizikisi amaikonda kwambiri. Ine ndimatolapo mwa apo ndi apo.

Yomwe inandikhudza mtima ndi Stand Still, Stay Silent ya Minna Sundberg wa ku Finland. Anaiyamba mu 2013 n'kuimaliza mu 2022, ndipo yonse ili pa webusaiti yake mwaulere. Mliri wapha pafupifupi dziko lonse. Patapita zaka 90, anthu otsala ku Iceland, Norway, Sweden, Denmark ndi Finland akutumiza kagulu kosauka, ka zipangizo zosakwanira, kukasaka mabuku akale m'mizinda yomwe inasanduka mabwinja. Masamba oyamba, pomwe anthu akumva za matendawo pa nkhani n'kumati zidutsa, anajambulidwa Covid-19 isanabwere, ndipo kuwawerenga tsopano kumauma pakamwa. Koma chomwe ndimaikondera ndi zilankhulo. Anthu a m'kagulumo samvana onse. Wa ku Norway, wa ku Sweden ndi wa ku Denmark amamvana movutikira, monga momwe Mchewa amatolera zina akamalankhula Msena kapena Mnsenga. Mnyamata wa ku Finland, Lalli, samva chilichonse cha anzakewo, amadalira msuweni wake Tuuri kumumasulira. Ubwenzi wake ndi Emil wa ku Sweden umakula popanda mawu. Mu wodi muja munali agogo ena olankhula Chiyao chokhachokha, ndipo iwo ndi amayi ankagawana phala ndi kudandaulirana ndi manja. Ndikamawerenga za Lalli ndinkawaona agogo aja. Vuto lake n'lakuti masamba ndi aakulu, odzaza tinthu tambirimbiri, ndipo amakoma pa laputopu kapena tabuleti. Pa foni umataya theka la kukongola kwake.

Nanga za ku Africa kuno? Funso limeneli limandipweteka pang'ono, chifukwa ndimafuna nditazikonda kuposa momwe ndimazikondera. Comic Republic ya ku Lagos, yomwe anaiyambitsa Jide Martin mu 2013, inatchuka poika makomiki ake pa intaneti kuti anthu awerenge mwaulere. Ngwazi yawo yodziwika, Guardian Prime, imavala zobiriwira ndi zoyera ngati mbendera ya Nigeria. Zojambula ndi zapamwamba, ndipo kuona munthu wakuda ngati ine akuuluka pamwamba pa mzinda wa mu Africa kumasangalatsa. Komabe zambiri zimatsata chikombole cha ngwazi za ku America, minofu ndi zibakera. Yomwe imandikoka ndi Avonome, ya mtsikana woona mizimu, chifukwa mizu yake ili m'nthaka ya kwawo. Ndinaonanso kuti magawo satuluka motsatizana ngati a ku Japan kapena ku Korea, umadikira mpaka kuiwala pomwe unalekezera. Sindikuwadzudzula. Kumbuyo kwa manga kuli makampani akuluakulu ndi owerenga olipira mamiliyoni, pomwe wojambula wa kuno nthawi zambiri amajambula usiku ataweruka ku ntchito ina. Kuti luso lilipo n'zosakayikitsa. A Kugali, kampani ya makomiki a ku Africa, anagwirizana ndi Disney n'kutulutsa katuni ya Iwájú mu 2024, ndipo ku South Africa Loyiso Mkize ali ndi Kwezi, ngakhale imeneyo imapezeka kwambiri ngati buku. Koma chitsanzo chomwe ndimachilakalaka kuno ndi Shujaaz ya ku Kenya, yomwe inayamba mu 2010 ndipo imagawidwa mwaulere. Inalembedwa mu Sheng, chilankhulo chomwe achinyamata a ku Nairobi amayankhula pamsewu. Sanadikire kuti owerenga aphunzire kaye Chingerezi.

Facebook ndi Instagram ndingozidutsa mwachangu. Ubwino wake ndi woti bandulo ya masamba a mchezo ndi yotchipa, ndipo tinkhani ta mabokosi anayi ngati Sarah's Scribbles ta Sarah Andersen timakwana pomwe ukudikira madzi awire. Ndi komwenso ojambula akwathu amaika ntchito zawo, ena m'Chichewa. Koma nkhani yaitali siyenda kumeneko, gawo lachiwiri limamira pansi pa zithunzi za ukwati ndi mauthenga a maliro. Pempho langa ndi limodzi: potumiza katuni ku gulu la WhatsApp, tisadule pomwe pali dzina la wojambula.

Pali malo ena omwe ndinasiyiratu, mawebusaiti omwe amaba makomiki n'kuwaika onse poyera. Ndinapitako chifukwa chosafuna kudikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukangokhudza tsamba, kwatseguka za juga, kwatseguka zithunzi zolaula, foni yayamba kutentha, bandulo ikupita pa zotsatsa zomwe sunazifune. Kumasulira kwake nthawi zina n'kosamveka. Ndipo wojambula yemwe wapindika msana sabata yonse salandirapo ngakhale tambala. Pomwe One Piece ikupezeka mwaulere kwa eni ake tsiku lomwe yatuluka, chifukwa chopitira kumeneko sindikuchionanso.

Ndiye mnzanga akandifunsa, ndimayamba ndamufunsa za moyo wake. Woyenda pa minibasi tsiku ndi tsiku yemwe ali ndi potsitsira pa Wi-Fi, WEBTOON imuyenera. Wa bandulo yowerengera yemwe akufuna nkhani imodzi yoti azikhala nayo chaka ndi chaka, MANGA Plus. Wa laputopu yemwe amakonda nkhani yokhala ndi mathero, apite kwa Minna Sundberg. Koma wa ana pakhomo ndimamutumiza ku kamtsikana ndi mphaka uja anaseketsa amayi.

Dzina la nkhaniyo ndi Pepper&Carrot, ya David Revoy wa ku France, yomwe inayamba mu 2014. Magawo ake ndi oposa 30, aafupi, ena opanda mawu n'komwe, ndipo lililonse ndi lokongola ngati chithunzi chopachika pakhoma. Palibe zotsatsa, palibe makoini. Amene amamulipira ndi owerenga omwe amasonkha mwa kufuna kwawo. Amajambula ndi pulogalamu yaulere ya Krita, yomwe mwana aliyense wa luso angaiike pa kompyuta osalipira. Ndipo chachikulu n'chakuti anaipereka pa chilolezo cha Creative Commons chomwe chimalola aliyense kuikopera, kuisindikiza, kuimasulira ngakhale kuigulitsa, bola atchule mwini wake. Mafayilo ojambulira omwe anawaika poyera. N'chifukwa chake anthu ongodzipereka aimasulira m'zilankhulo zambirimbiri. Mphunzitsi wa ku Dedza kapena ku Chipata atafuna kuiika m'Chichewa n'kusindikizira ana a kalasi yake, palibe yemwe angamuletse.

Ine ndinayamba kale, pakamwa. Mwana wa achimwene, wa Sitandade 3, amabwera Loweruka lililonse n'kukhala pamwendo panga, ine ndikuwerenga Chingerezi chamumtima n'kumatulutsa Chichewa. Tinagula kope lomwe timalembamo mawu omwe tagwirizana. Ambiri savuta. Koma pali amodzi omwe anatiimitsa. Mu nthanoyo Pepper ndi wophunzira zamatsenga, ndipo liwu lomwe amamutchula nalo mu Chingerezi, dikishonale imati ndi mfiti. Tsiku loyamba ndinangolitchula osaganiza. Mwanayo anatsika pamwendo.

"Azakhali, ndiye kuti amadya anthu?"

Ndinazindikira pomwepo kuti liwulo silingawoloke choncho. Kwa Azungu ndi la nthano za ana, la zipewa zosongoka ndi matsache. Kuno ndi liwu lomwe lagwetsera nkhalamba nyumba, lathamangitsa agogo m'midzi yawo, ena kuphedwa kumene. Sindingaliike pa kamtsikana kosakaniza mankhwala mu mphika. Ndinayesa kuti sing'anga, mwanayo anakana, akuti asing'anga amakhala aakulu ndipo savala chipewa chotero. Ndinayesa kuti wamatsenga, anati amenewo ndi aja amatulutsa ndalama m'khutu pa msika. Tinapita kukafunsa amayi, omwe tsopano achira ndipo amakhala pakhonde kusankha nyemba. Anaitanitsa foni, anamuyang'ananso mtsikanayo ndi mphaka wake wakuba uja, n'kunena kuti, "Ameneyu ndi namankhwala. Lembani choncho."

Mwanayo analemba yekha mu kope, zilembo zikuluzikulu, n'kubwerera pamwendo kuti tipitirize gawo lachitatu.